Flashi ikaonetsa kuti ilibe kanthu, musathamangile kuifomata

Pa Cisanu ca sabata yatha, foni yanga inalila pamene basi yathu inali itaima mu jamu pafupi ndi Kafue roundabout. Tinali titapanikizana anayi-anayi pa mpando, amayi a pambali panga atanyamula beseni ya tomato pa miyendo. Woimba anali muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga wa ku Chawama, ndipo mau ake anali kunjenjemela.

"Amalume, vinthu vonse vayenda. CV, ma satifiketi, kalata, vonse. Flashi ilibe kanthu."

Mtsikanayu anatsiliza kosi ya uphunzitsi zaka ziwili zapitazo, koma akali kusakila nchito. Tsiku limenelo linali lothela kupeleka mapepa pa sukulu ina ya pulaiveti, ndipo ofesi inali kutseka 17 koloko. Nthawi inali itapitilila 14 koloko. Iye anali ataimilila m'kashopu kena kopulintila mu tauni, ndipo mnyamata wa pa kauntala anali atamuuza kuti flashi yagwidwa ndi vailasi, palibe cocita, ingofunika kuifomata.

Ndinamuuza kuti, "Usayese. Cotsa flashi, uike m'thumba, unipeze pa Kulima Tower."

Ndikulemba nkhaniyi cifukwa ndidziwa kuti pa basi imene mwakwela lelo pali wina amene ali ndi flashi m'cikwama, ndipo m'flashimo muli zonse zimene akudalila: mapepa a sukulu, asainimenti ya ku koleji, kotesheni ya kasitoma, zithunzi za cikwati. Ambili a ife tilibe pulinta kunyumba. Flashi imodzi imayenda m'makompyuta a ku nchito, a ku cafe, a kwa neba, ndipo monga mmene kapu ya pa malilo imapitila m'manja mwa aliyense, nayo imatola zimene yapeza.

Mafaelo anangobisidwa

Tinadutsa pakati pa mabasi n'kulowa ca ku Katondo Street, kwa mnzanga wina amene amakonza malaputopu m'kacipinda ka pamwamba. Atalowetsa flashi m'kompyuta yake, pa sikilini panaoneka maina a mafoda onse a muphwa wanga, koma lililonse linali ndi kamuvi kakang'ono kopindika pakona ya pansi.

"Ba sisi, musalile. Vinthu vanu vilimo," anatelo mnzangayo asanagwile n'komwe mausi.

Anadiniza batani la kumanja la mausi pa dzina la flashi, n'kusankha Properties. Cithunzi cinaonetsa kuti mbali ina ya flashi ndi yodzala. Apa ndiye pali phunzilo loyamba. Flashi imene ilibedi kanthu imaonetsa kuti malo ake onse ndi opanda kanthu. Ngati ikuonetsa kuti malo ena anagwilitsidwa nchito koma inu simukuona mafaelo, ndiye kuti mafaelo alimo, angobisidwa.

Vailasi imeneyi okonza makompyuta amaichula kuti shortcut virus. Ikalowa m'flashi, imaika cizindikilo pa mafaelo anu cakuti Windows isamawaonetse. Ndiyeno pamalo pake imaika tumashotikati tokhala ndi maina amodzimodzi. Inu mukadiniza kashotikati poganiza kuti mukutsegula CV yanu, mumakhala mwadzutsa vailasi, ndipo imalowa m'kompyuta imene mukusewenzetsa. Flashi iliyonse imene idzalowetsedwa m'kompyutayo pambuyo panu nayonso idzagwidwa. Ndiye cifukwa cake imafala kwambili m'malo opulintila, kumene kompyuta imodzi imalandila maflashi ambili pa tsiku.

Conco mukaona kamuvi pa mafoda a m'flashi, musadinize. Ndipo musalole munthu kuifomata, cifukwa kufomata ndiko kumacotsa mndandanda wa mafaelo onse, ndipo kuwabweza pambuyo pake ndi nchito yovuta, nthawi zina yosatheka.

Zimene mnzanga anacita ndi izi, ndipo inunso mungazicite. Coyamba anasikana flashi. Pa Windows 10 ndi Windows 11 pali kale pulogilamu yoteteza yochedwa Microsoft Defender, yosalipilitsa. Mumadiniza batani la kumanja pa flashi n'kusankha Scan with Microsoft Defender. Pa Windows 11 muyambe mwadiniza Show more options kuti muione. Ikapeza coipa, ilekeni icicotse.

Caciwili anayang'ana cilembo ca flashi. Windows imapatsa flashi iliyonse cilembo, monga D, E kapena F, ndipo cimaoneka pafupi ndi dzina lake mu This PC. Yathu inali E. Kenako anadiniza Start, n'kutaipa cmd, n'kudiniza Enter. Panatseguka windo yakuda. Musaiope, siluma. M'menemo anataipa mzele uwu:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

Samalani mipata ya pakati pa zilembo, ndipo pamalo pa E muikepo cilembo ca flashi yanu. Mzelewu umauza Windows kucotsa zizindikilo zobisila pa faelo iliyonse ndi foda iliyonse ya m'flashimo. Mukadiniza Enter, windo yakudayo imakhala cete kwa kanthawi, ndipo ikatsiliza siikuuzani kanthu. Tsegulani flashi muone.

Mafoda enieni anabwelela, opanda kamuvi. Nthawi zina mumapeza kuti zonse zaunjikidwa m'foda imodzi yopanda dzina, conco muitsegule musanataye mtima. Muphwa wanga anangokhala pansi pa katoni ya macaja n'kugwila pakamwa.

Mnzangayo anakopela mafaelo pa kompyuta yake, n'kusiya tumashotikati ndi tumafaelo tacilendo timene mwini wake sanatidziwe. Atatsimikiza kuti zonse zatseguka bwino, m'pamene anafomata flashi n'kubwezamo zinthu. Kufomata kuli ndi nthawi yake, ndipo nthawi yake ndi pothela. Cinanso, zonsezi muzicitile pa kompyuta yoyela. Mukazicitila pa imene ili ndi vailasi, mafaelo adzaoneka kwa mphindi imodzi n'kubisidwanso.

CV iyende ngati PDF

Tikutsika masitepe, mnzanga anafunsa funso limene linandicititsa manyazi inenso: "Manje kopi ina ili kuti?" Panalibe kopi ina. Zaka zitatu za ku koleji zinali m'kanthu kocepa ngati cala, kamene kangagwe m'thumba pokankhana pa citseko ca basi ku City Market.

Njila yosavuta ndi kudzitumila mwekha pa imelo. Tsegulani Gmail, lembani adilesi yanu yomwe, ikanimo CV ndi masatifiketi, tumizani. Akaunti ya Google imakupatsani malo a 15 GB kwaulele, ndipo mapepa a nchito satenga malo ambili. Flashi ikasowa, foni ikabedwa, mapepa anu mudzawapezabe malinga ngati mukumbukila pasiwedi.

Musanatumize, sungani CV ngati PDF. Mu Word, pitani pa File, kenako Save As, ndipo pa mtundu wa faelo sankhani PDF. Ambili munaonapo kuti CV imene munaikonza bwino-bwino pa masamba awili, mukaitsegula ku shopu imatuluka masamba atatu, deti ili kwina, dzina lili kwina. Zimacitika cifukwa kompyuta ya ku shopu ingakhale ilibe mtundu wa zilembo umene munasewenzetsa, kapena ili ndi Word ina. PDF imaoneka cimodzimodzi kulikonse. Sungani zonse ziwili, ya Word yosinthila ndi ya PDF yopulinta. Ndipo faeloyo muipatse dzina lanu lenileni. Abwana akalandila mafaelo makumi asanu onse olembedwa kuti Document1, yanu idzasowa pakati.

Zimene timasiya pa kompyuta ya eni

Tinapita kukapulinta pa shopu ina. Poyembekeza, ndinayang'ana pa sikilini ya kompyuta ya makasitoma. Panali ma reji a anthu osikanidwa mbali zonse ziwili, mapeyisilipu, kalata ya ku cipatala. Eni ake anapulinta, analipila, anapita, koma zinthu zao zinatsala poyela kuti aliyense wobwela azione. Kopi ya reji yanu ikagwela m'manja mwa kawalala, angayese kuisewenzetsa m'dzina lanu, ndipo amene adzavutika kufotokoza ndinu.

Mukatsiliza pa kompyuta ya eni, pitani mu Downloads ndi pa Desktop, sankhani mafaelo anu, dinizani Shift ndi Delete pamodzi. Mukadiniza Delete yekha, faelo imangosamukila mu Recycle Bin, mmene aliyense angaitolemo. Ngati anakusikanilani ndi a pa shopu, apempheni acotse inu mukuona. Si mwano, ndi mapepa anu.

Potsegula imelo, yambani mwadiniza Ctrl, Shift ndi N mu Chrome. Patseguka windo ya Incognito, imene ikatsekedwa siisunga kuti munalowa mu akaunti yanu. Koma dziwani kuti zimene mwacita daunilodi zimatsalabe, muzicotse mwekha. Kompyuta ikakufunsani ngati isunge pasiwedi, kanani. Ndipo imwe amene mumasewenzetsa WhatsApp Web potumiza mapepa ku kompyuta ya shopu, kutseka windo sikutuluka. Mukakwela basi, tsegulani WhatsApp pa foni, pitani pa Linked devices, cotsani kompyuta iliyonse imene si yanu. Apo ayi, mnyamata wa pa shopu adzawelenga mameseji a banja lanu mpaka Khisimasi.

Pocotsa flashi, dinizani batani la kumanja n'kusankha Eject. Kuizula pamene kompyuta ikali kulembamo kungaononge faelo, ndipo imeneyo attrib singaikonze.

Malaiti, bundle ndi fumbi

Kwa amene muli ndi kompyuta kunyumba, mdani wamkulu ndi malaiti. Caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba cifukwa ca cilala, tonse tinaphunzila kugwila nchito usiku pakati. Laputopu ili ndi batili, koma desikitopu imazima nthawi yomweyo pamodzi ndi zonse zimene simunasunge. Zolowelani kudiniza Ctrl ndi S mukatsiliza ndime iliyonse. Zikakucitikilani musanasunge, tsegulani Word, pitani pa File, Info, Manage Document, Recover Unsaved Documents. Word imadzisungila kopi mphindi 10 zilizonse ngati munthu sanasinthe setingi imeneyo, conco mwina mudzataya ndime imodzi cabe. Malaiti akapita, zulani pulagi pa khoma, cifukwa nthawi zina amabwela ndi mphamvu yoposa muyeso n'kuocha caja.

Ena amadandaula kuti akalumikiza laputopu ku hotspot ya foni, bundle imatha asanacite kanthu. Kawili-kawili ndi Windows imene ikudzitengela ma update, cifukwa imayesa kuti ili pa Wi-Fi ya ku ofesi. Pitani pa Settings, Network & Internet, Wi-Fi, sankhani dzina la hotspot yanu, yatsani Metered connection. Ikatelo imacepetsa zimene imatenga payokha. Koma ma update musawakane mpaka kale-kale, ndiwo amatseka mipata yolowela mavailasi. Mukapeza Wi-Fi ya ku nchito kapena ku sukulu, ilekeni idye ikhute.

Kompyuta ikauma, mausi ikuyenda koma palibe cikutseguka, musayambe ndi kuzula batili. Dinizani Ctrl, Shift ndi Esc. Patseguka Task Manager, sankhani pulogilamu imene yakana, dinizani End task. Ngati ikupitiliza kucedwa, sankhani Restart m'malo mwa Shut down. Pa makompyuta ambili a Windows, Shut down imasungako zina kuti idzayake msanga, pamene Restart imayambitsa zonse mwatsopano. Pasiwedi ikakana kawili, yang'anani Caps Lock musanaimbile munthu foni. Mukafafaniza ndime mwangozi, Ctrl ndi Z imaibweza.

Ndipo mu October, fumbi la Lusaka likafika pacimake, mvetselani fani ya laputopu. Ikayamba kulila ngati basi yokwela citunda, ndiye kuti yatsamwa. Musaiike pa bulangeti kapena pa matilesi, cifukwa mumatseka mabowo opumila. Ikani pa tebulo kapena pa thileyi, ndipo ikapitiliza kutentha, ipelekeni akaipukute mkati.

Muphwa wanga anapeleka envulopu yake kutatsala mphindi 20 kuti atseke geti. Kaya adzamuitana ku intavyu, tikali kuyembekeza foni. Pobwelela, tili pa mpando wa kumbuyo m'basi ya ku Chawama, ndinamuona akudzitumila CV pa imelo, kenako satifiketi ya Giledi 12, kenako ya ku koleji. Kondakita anafunsa ndalama kawili iye osamva.

"Ba sisi kumbuyo uko, tiyeni nazo."

Ndinamulipilila ine. Imwe amene mukuwelenga muli mu jamu, foni ili kale m'manja. Ngati CV yanu ili pamalo amodzi cabe, dzitumileni musanaseluke.