Boila yakale ikatopa, yambani mwayeza musanagule ina

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu ukukhudza inu mabanja achinyamata amene mwagula nyumba m'mizinda yozizira ya ku America monga New York, Boston ndi Chicago. Nyumba zambiri zotsikirako mtengo kumeneko n'zakale, zina zinamangidwa chaka cha 1940 chisanafike. Panja penti ali waliwali, koma mukatsikira m'chipinda cha pansi mupeza chimphona chachitsulo chimene chimafunditsa nyumba yonse: boila ya nthunzi.

Nanu makolo amene muli kuno kumudzi, musafulumire kutembenuza tsamba. Tsiku lina foni idzalira: "Amayi, mwezi uno sinditumiza kanthu, boila yafa." Mwanayo sakunama ayi. Kumene kuja mu January madzi amaundana, mapaipi amaphulika, ndipo m'nyumba yozizira khanda silingagonemo.

Kodi imagwira bwanji ntchito? Ganizirani ketulo ili pambaula. Boila imawiritsa madzi pogwiritsa ntchito gasi kapena mafuta. Madziwo akafika madigiri 100 amasanduka nthunzi, imene imakwera yokha m'mapaipi mpaka kukalowa m'zitsulo zotchedwa radiator zimene zili m'chipinda chilichonse. Nthunzi ija ikasiya kutentha kwake imasandukanso madzi n'kubwerera ku boila.

Choyamba, tsimikizani kuti boila yafadi. Mapaipi akamagogoda usiku ngati munthu akusula khasu, kawirikawiri vuto ndi madzi amene atsakamira m'paipi yopendekeka molakwika. Chipinda chimodzi chikamazizira, mwina kavalavu kotulutsa mpweya pa radiator katsekeka. Izi amakonza ndi ndalama zochepa. Koma mukaona kuti mukuthira madzi pafupipafupi, pansi pakunyowa, kapena pachumuni pakutuluka nthunzi yoyera yochuluka, dziwani kuti dzimbiri mwina laboola chitsulo. Apo ndiye konzekerani kugula ina.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani: kukula kwa boila. Mmisiri akabwera, n'kungowerenga nambala ya pa boila yakale, n'kunena kuti "tikuikirani ina yonga yomweyi," mumuthokoze bwinobwino, azipita. Boila ya nthunzi amayeza potengera ma radiator amene ali m'nyumbamo. Mmisiri wodziwa ntchito amalowa chipinda chilichonse ndi tepi, n'kuyeza kutalika kwa radiator ndi kuwerenga zigawo zake. Mwina eni nyumba akale anachotsako ma radiator ena, kapena boila yakaleyo inali yaikulu mopitirira kuyambira pachiyambi. Boila yaikulu kwambiri imangoyaka ndi kuzima, kuyaka ndi kuzima, gasi akupita pachabe. Yaing'ono kwambiri siifikitsa nthunzi kuchipinda chakutali, chimene mwina ndi chogona ana.

Chachitatu, mapaipi oyandikana ndi boila. Maboila amakono ndi aang'ono ndipo mumakhala madzi ochepa, choncho mapaipiwa ndi amene amalekanitsa nthunzi ndi madzi. Akhale achitsulo, osati akopa, ndipo kukula kwake kutsate zimene wopanga boila analemba m'buku lake. Funsani bukulo, muone chithunzi chake, ndipo mulembetse m'pangano kuti mmisiri atsatira chimenecho. Musachite manyazi, paja safunsa anadya phula. Funsaninso za Hartford Loop, kalumikizidwe ka mapaipi kamene kanayamba mu 1919, kothandiza kuti madzi asathe msanga mu boila paipi yobwezera madzi ikabooka. Pakhalenso chipangizo chozimitsa moto madzi akachepa.

Ntchito siithera pa kuyatsa. M'boila yatsopano mumakhala mafuta a kufakitale amene amayandama pamadzi n'kumasokoneza kuwira. Mmisiri ayenera kuwayengula, ndipo nthawi zina amabweranso kachiwiri. Mphamvu ya nthunzi isapitirire 2 psi. Kuikweza sikuwonjezera kutentha, kumangowononga mavalavu ndi ndalama.

Chachinayi, moyo wanu. Mapaipi ambiri akale anakutidwa ndi asibesitosi, wooneka ngati choko kapena katoni yoyera. Fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo ndi khansa patapita zaka zambiri. Bambo, musatenge chikwanje n'kumakanganula nokha pofuna kupulumutsa ndalama. Itanani akatswiri ovomerezeka. Komanso mukudziwa mmene mbaula yamakala imaphera anthu m'chipinda chotseka nyengo ya June kuno kwathu. Mpweya womwewo wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha, ungatuluke chumuni ikatsekeka. Chumuni aiyendere, ndipo muike alamu pafupi ndi zipinda zogona.

Ena adzakuuzani kuti mungochotsa zonse n'kuika zamakono za madzi otentha. N'zoona kuti boila ya nthunzi ya gasi imasandutsa pafupifupi 82 pa 100 ya gasi kukhala kutentha, pamene zamakono zija zimapitirira 90. Koma kusinthako kungafune mapaipi atsopano ndi kugumula zipupa. Werengerani bwino. Nthawi zambiri nthunzi yokonzedwa bwino imakwanira.

Inu amene muli ku Britain, nyumba zambiri kumeneko zimayendera madzi otentha, osati nthunzi. Chofunika kudziwa n'chakuti aliyense wogwira boila ya gasi akhale wolembetsedwa ku Gas Safe Register, imene inalowa m'malo mwa CORGI mu 2009. Muoneni khadi lake, ngakhale atakhala mnzanu wa kutchalitchi.

Pomaliza, nthawi. Musadikire kuti boila ife pakati pa usiku chisanu chili pachimake, poti apo mudzalandira mmisiri aliyense pamtengo uliwonse. Yambani miyezi yotentha. Itanani amisiri atatu, aliyense alembe mtengo wake, ndipo musankhe amene wayeza ma radiator, osati amene watchula ndalama zochepa.

Khalani pansi awiri, mayi ndi bambo, mugwirizane zosunga kangachepe mwezi ndi mwezi. Makolo kumudzi muwauze nthawi ilipo kuti thandizo lichepako kwa kanthawi. Nanu makolo, mvetsani. Ndalama imeneyo ikufunditsa adzukulu anu omwe.