Munda umene unakhazika azungu ndi anthu akuda patebulo limodzi

Nthawi ya nkhomaliro ikakwana pamunda wa Koinonia, aganyu akuda ankasiya ntchito, kusamba m'manja n'kukhala patebulo limodzi ndi azungu eni munda. Tsiku lolandira, malipiro ankafanana. Lero wina angati n'zazing'ono zimenezi, koma m'boma la Sumter ku Georgia, m'dziko la America, nthawi ya tsankho ija, kumeneku kunali kuputa mavu pachisa.

Mundawu unayamba mu 1942 pafupi ndi tauni ya Americus. Anauyambitsa ndi mbusa wa mpingo wa Baptist, Clarence Jordan, ndi mkazi wake Florence, pamodzi ndi banja la Martin ndi Mabel England. Jordan anali ataphunzira zaulimi ku University of Georgia, kenako anazama pa Chigiriki cha Chipangano Chatsopano. Dzina loti Koinonia analitenga m'buku la Machitidwe, ndipo limanena za chiyanjano cha okhulupirira ogawana zonse.

Ena mwa owakana anali Akhristu anzawo. Mu 1950 mpingo wa Rehoboth Baptist unawachotsa. Pofika 1956 amalonda a m'deralo anapangana kuti asawagule mazira, asawagulitse feteleza kapena mafuta. Kasitolo kawo ka m'mphepete mwa msewu kanaphulitsidwa ndi bomba. Usiku zipolopolo zinkalowa m'nyumba mogona ana, ndipo gulu latsankho la Ku Klux Klan linkabwera ndi mdipiti wa magalimoto kudzawaopseza kuti asamuke.

Sanasamuke, ndipo sanabwezere. Apa ndi pamene ndimaona kulimba mtima kwenikweni kwa Jordan. Msika wapafupi utatsekeka, anayamba kutumiza mtedza wa pecan kudzera pa positi kwa ogula akutali, munda n'kupulumuka. M'kanyumba kake kolemberamo, Jordan anamasuliranso mbali za Chipangano Chatsopano m'chilankhulo cha alimi a thonje a kwawoko, Yesu n'kubadwira ku Gainesville ya ku Georgia komweko, kuti womvera asanamizire kuti uthengawo ndi wa anthu akale akutali.

Mu 1965 kunafika Millard ndi Linda Fuller, banja lolemera limene linasankha kugawa chuma chake. Iwo ndi Jordan anakonza njira yomangira osauka nyumba: mwininyumba agwire nawo ntchito, abweze ngongole pang'onopang'ono popanda chiwongoladzanja, ndalamazo zimangire wina. Jordan anamwalira mu Okutobala 1969, ali ndi zaka 57, nyumba yoyamba isanathe. Anamuika m'bokosi wamba lamatabwa pamunda pomwepo.

A Fuller anakayesa njirayi ku Mbandaka, m'dziko la Zaire, kuyambira 1973, ndipo mu 1976 anakhazikitsa bungwe la Habitat for Humanity lopitiriza njira yomweyo. Bungweli linafika ku Malawi mu 1986. Munda wa Koinonia ulipobe, ukulandira alendo ndipo ukugulitsabe mtedza uja.