Broadmoor: chipatala chomwe ambiri amachiyesa ndende

Kwa zaka zoposa 60, Lolemba lililonse nthawi ikakwana 10 koloko m'mawa, anthu a m'tauni ya Crowthorne ndi midzi yoyandikana nayo, m'chigawo cha Berkshire ku England, ankamva masayirini akulira. Palibe ankathawa, poti onse ankadziwa kuti akuluakulu a Broadmoor akungoyesa zida zawo. Koma akati alire tsiku lina, uthenga wake unali umodzi: wodwala wathawa, tsekani zitseko, ana asatuluke pasukulu mpaka makolo adzawatenge.

Masayiriniwo anaikidwa chifukwa cha zomwe zinachitika mu Epulo 1952. John Straffen, mnyamata wa zaka 22 amene anali atapha kale ana aakazi awiri mumzinda wa Bath, anadumpha mpanda wa Broadmoor. M'maola ochepa amene anakhala kunja anaphanso mtsikana wa zaka 5.

Nkhani zotere ndi zimene zinachititsa kuti anthu ambiri ku Britain akamva za Broadmoor aziganiza za ndende ya zigawenga zoopsa. Komatu pamalamulo malowa si ndende. Ndi chipatala cha boma, chimodzi mwa zitatu za chitetezo chokhwima ku England, pamodzi ndi Rampton ndi Ashworth. Okhalamo amatchedwa odwala, ndipo owayang'anira ndi anamwino. Chikhalirecho mpanda ulipo, zitseko zimakhomedwa, ndipo munthu satuluka mwa kufuna kwake. Kwa zaka zoposa 160 makiyi ndi mankhwala akhala akulimbirana ulamuliro wa malowa.

Chipolopolo chomwe chinaphonya mfumu

Gwero la Broadmoor ndi funso lomwe linazunguza oweruza: tizitani naye munthu amene wapalamula mlandu waukulu mutu wake usakuyenda bwino?

Mu Meyi 1800 James Hadfield, msilikali wakale amene anavulazidwa kwambiri m'mutu kunkhondo, anawombera Mfumu George III m'nyumba ya zisudzo ya Drury Lane ku London. Anaphonya. Loya wake, Thomas Erskine, anakhutiritsa khoti kuti Hadfield anali wodwala misala, ndipo mlandu sunamutsutse. Boma linachita mantha kuti munthu wowombera mfumu angabwerere mumsewu. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lakuti munthu wotere azisungidwa mpaka mfumu itafuna kumumasula. Hadfield anamwalira mu 1841 ali m'chipatala cha Bethlem.

Mu 1843 kunabwera mlandu wina umene mphamvu yake ikumvekabe m'makhoti a maiko ambiri. Daniel M'Naghten, mmisiri wosema matabwa wa ku Glasgow, ankakhulupirira kuti a chipani cholamula akumulondalonda. Anawombera Edward Drummond, mlembi wa nduna yaikulu Robert Peel, ndipo Drummond anamwalira patapita masiku ochepa. Khoti litagamula kuti M'Naghten ndi wodwala, anthu anakwiya, ngakhale Mfumukazi Victoria sizinamusangalatse. Oweruza akuluakulu anaitanidwa kuti afotokoze muyeso womwe amatsata. Yankho lawo linali lakuti aliyense amatengedwa kuti mutu wake uli bwino pokhapokha patapezeka umboni wakuti, panthawi yopalamula, matenda anamulepheretsa kuzindikira chomwe akuchita, kapena kuzindikira kuti n'cholakwa.

Anthu otere atachuluka ku Bethlem ndi m'malo ena, boma linamanga malo awoawo paphiri la ku Crowthorne, kumadzulo kwa London. Amene anajambula mapulani ake anali Joshua Jebb, katswiri womanga ndende.

Oyamba kulowa anali amayi

Broadmoor inatsegulidwa mu Meyi 1863, ndipo odwala oyamba anali amayi. Amuna, kuphatikizapo M'Naghten mwiniwake, anafika mu 1864. Ambiri mwa amayiwo anali atapha ana awo, ena atangochira kumene. Masiku ano madokotala amadziwa kuti uchembere umatha kudzutsa matenda aakulu a maganizo, ndipo mayi wotere amachira akathandizidwa msanga. Ngakhale nthawi imeneyo, ena mwa amayiwa ankatulutsidwa achibale akavomera kuwayang'anira.

Mankhwala enieni kunalibe. Chomwe madokotala ankadalira chinali mpweya wabwino, chakudya chokwanira, mapemphero ndi ntchito. Odwala ankalima, kuweta ziweto, kusoka nsapato ndi zovala, kupala matabwa ndi kuchapa. Sikuti kunali mtendere wokhawokha: akuluakulu awiri oyamba a chipatalachi, John Meyer ndi William Orange, onse anavulazidwapo ndi odwala.

Mwa odwala a nthawiyo, wodziwika kwambiri ndi William Chester Minor, dokotala wa asilikali wochokera ku America. Usiku wina mu 1872, ku Lambeth, anawombera George Merrett, bambo amene ankapita kuntchito pakampani yofulula mowa, pomuyesa munthu amene wamuthyolera nyumba. Ku Broadmoor, Minor anapatsidwa zipinda ziwiri, ndipo ndalama za penshoni yake ankagulira mabuku akale. Atamva kuti akonzi a mtanthauziramawu wa Oxford English Dictionary akufuna anthu owathandiza, anayamba kutumiza kwa mkonzi James Murray timapepala tambirimbiri tosonyeza momwe mawu a Chingerezi ankagwiritsidwira ntchito m'mabuku. Mkazi wamasiye wa Merrett ankabwera kudzamuona, n'kumubweretsera mabuku.

Masana Minor anali katswiri wa mawu. Usiku ankatchinga chitseko chake pokhulupirira kuti anthu amalowa kudzamuzunza. Nzeru ndi matenda zinkakhala m'mutu umodzi, ndipo china sichinathamangitse chinzake. Anatuluka mu 1910, patatha zaka 38, nduna ya boma Winston Churchill itasainira kuti abwerere kwawo.

Si njira yozembera chilango

Anthu ambiri amaganiza kuti wopita ku Broadmoor wapulumuka. Koma mkaidi wamba amawerenga masiku, podziwa tsiku lomwe chilango chake chidzathe. Wodwala amene khoti lamuikira ziletso pansi pa lamulo la mu 1983 loona za matenda a maganizo alibe tsiku lotere. Amatuluka pokhapokha bwalo lapadera kapena nduna ya zachilungamo itakhutira kuti kutero sikuika anthu pachiopsezo.

Njira zolowera zilipo zingapo. Ena amatumizidwa ndi khoti. Ena amachokera kundende matenda atawakulira ali mkati mogwira ukaidi. Aliponso ena amene sanaweruzidwepo mlandu uliwonse, koma zipatala zina zalephera kuwasunga chifukwa amadzivulaza kapena kuvulaza anzawo kwambiri.

Khomo la pakati pa ndende ndi chipatala limatsegukira mbali zonse. Peter Sutcliffe, amene mu 1981 anapezeka wolakwa pa mlandu wopha amayi 13, anayambira kundende. Mu 1984 anasamutsidwira ku Broadmoor atapezeka ndi schizophrenia. Mu 2016 bwalo linagamula kuti sakufunikiranso chithandizo cha kumeneko, ndipo anabwezedwa kundende ya Frankland.

Maina otere ndi amene amagulitsa nyuzipepala, koma si chithunzi cha odwala ambiri. Lero ku Broadmoor kuli amuna pafupifupi 200, poti amayi anasamutsidwira kwina mu 2007. Ambiri amadwala schizophrenia, matenda amene amachititsa munthu kumva mawu omwe ena sakuwamva kapena kukhulupirira kuti akusakidwa. Ambirinso anakula akuzunzidwa. Amalandira mankhwala, monga clozapine amene amaperekedwa ena akakanika ndipo amafuna kuyeza magazi pafupipafupi. Amakambirana ndi akatswiri a maganizo za mkwiyo wawo ndi mlandu womwe anapalamula, amaphunzira sukulu ndi ntchito zamanja. Ambiri akakhala zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi amatsitsidwira kuchipatala cha chitetezo chocheperako, osati kunyumba mwachindunji.

Mdani amene anapatsidwa makiyi

Ngakhale Broadmoor inachoka m'manja mwa unduna woyang'anira ndende kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, mtima wa ndende unatsalira. Kwa zaka zambiri anamwino ake anali mamembala a bungwe la asilikali a ndende, ndipo malowa ankayendetsedwa mobisika, a kunja osadziwa zomwe zikuchitika m'mawodi.

M'mdima umenewo ndi mmene munalowa Jimmy Savile, muulutsi wotchuka wa BBC amene ankadziwika ndi ntchito zachifundo. Anayamba kufika ku Broadmoor kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anapatsidwa makiyi ndi malo ogona, ndipo mu 1988 boma linamuika m'gulu loyendetsa chipatalachi, chonsecho analibe maphunziro aliwonse a zachipatala. Savile atamwalira mu 2011, zinaululika kuti anagwirira ndi kuzunza anthu ambirimbiri m'malo osiyanasiyana. Lipoti lomwe linatuluka mu 2014, lotsogoleredwa ndi Dr Bill Kirkup, linasonyeza kuti nako ku Broadmoor anachita zonyansazi, ndipo ena mwa ozunzidwa anali odwala.

Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Wodwala wa ku Broadmoor akanadandaula, ndani akanamumvera pomwe fayilo yake inalembedwa kale kuti amaona ndi kumva zomwe kulibe? Mpanda womwe unamangidwa kuti uteteze anthu a kunja unathandiza kubisa munthu woopsa amene ankalowera pachipata, alonda akumupatsa moni.

Nyumba yatsopano, funso lakale

Kuyambira mu 2001 Broadmoor ili pansi pa bungwe la zaumoyo la boma la kumadzulo kwa London, lomwe pano limatchedwa West London NHS Trust. Mu Disembala 2019 odwala anasamukira m'nyumba zatsopano pafupi ndi zakale zija. Mawodi ake ndi owala, ndipo anamangidwa mwakuti namwino aziona odwala mosavuta. Masayirini a m'midzi aja anachotsedwa.

Mbiriyi si yachilendo kwa Amalawi. Mu 1910 boma la atsamunda linatsegula malo osungirako odwala misala ngati mbali ya ndende yaikulu ya Zomba, ndipo owayang'anira anali asilikali a ndende. Chipatala cha Zomba Mental chinadzatsegulidwa mu 1953. Muyeso wa M'Naghten uja unalowanso m'malamulo athu a milandu, ndipo mpaka lero makhoti amatumiza oganiziridwa milandu ku Zomba kuti madokotala akaone ngati mutu wawo uli bwino.

Nyumba zonga za ku Broadmoor zimadya ndalama zomwe maiko ochepa angakwanitse. Koma kusintha kwakukulu komwe kwachitika kumeneko sikuli m'njerwa. Wodwala wa lero ali ndi ufulu wopempha bwalo loima palokha kuti liunikenso nkhani yake chaka chilichonse, ali ndi loya pambali pake. M'bwalomo mumakhala woweruza, dokotala wosagwira ntchito pachipatalacho ndi munthu wina wodziwa za chisamaliro cha odwala otere. Akapanda kupempha, lamulo limakakamiza kuti nkhani yake ipite kubwaloko pakatha zaka zitatu. Nthawi zambiri yankho limakhala lakuti akhalebe, ndipo pena ndi yankho loyenera. Koma amene akumusunga amayenera kufotokoza chifukwa chake pamaso pa anthu a kunja, mwiniwake akumva, ndipo naye amapatsidwa mpata woyankhapo.