Dongo la ku Mueda linafika ku Maputo

Mai Reinata Sadimba anabadwa mu 1945 m'dera la Mueda, ku Cabo Delgado. Kuumba anaphunzira kwa mai awo: miphika ndi mitsuko youmika pamthunzi, yootcha pa moto wa nkhuni, monga amachitira amai a ku Milange.

Dziko litalandira ufulu mu 1975, iwo anayamba kuumbira mitu, manja ndi mphini za Amakonde pa mitsuko yawo, ngakhale kupanga zifanizo inali ntchito ya amuna. Nthawi ya nkhondo anakakhala ku Tanzania, nabwerera mu 1992. Ku Maputo anapatsidwa malo oumbira ku Museu de História Natural, ndipo zoumba zawo zinakaonetsedwa mpaka ku Ulaya.

Lero mapoto ndi zidebe za pulasitiki zikulanda malo a mbiya m'midzi ya m'malire. Komatu dongo lonyozekalo ndi limene linatchukitsa Mai Sadimba.