Jerusalem atagwa kawiri: 1099 ndi 1187

M'zaka 88 mzinda wa Jerusalem unalandidwa kawiri, ndipo maulendo onse awiri olandawo analowa tsiku Lachisanu. Pa 15 July 1099 analowa ankhondo a mtanda ochokera ku Ulaya. Pa 2 October 1187 analowa Saladin, mfumu ya Asilamu a ku Egypt ndi Syria. Ambiri akamasimba nkhaniyi amangoidula kuti oyambawo anapha, wachiwiriyo anakhululuka. Si bodza ayi, koma kudula koteroko kumabisa chimene chinasiyanitsa masiku awiriwa.

Anthu amene anafika pa linga la Jerusalem pa 7 June 1099 anali otsala chabe a chikhamu chimene chinanyamuka Papa Urban II atalalikira ku Clermont mu 1095. Anali atayenda zaka pafupifupi zitatu, njala itawakhaulitsa ku Antioch, anzawo ambiri atawakwirira m'njira. Bwanamkubwa wa mzindawo, Iftikhar al-Dawla, amene ankatumikira mafumu a ku Egypt, anali atawononga zitsime za kunja kwa linga, moti ludzu linawasautsa kuposa mivi. Matabwa omangira nsanja zokwerera khoma kunalibe pafupi, mpaka anachita kuphwasula zombo za ku Genoa zimene zinakocheza ku Jaffa. Nsanja ya Godfrey wa ku Bouillon, mmodzi wa atsogoleri awo, itagunda khoma la kumpoto, anthu analowa ngati madzi ophulitsa damu.

Gululi linalibe mwini mmodzi. Mtsogoleri aliyense anali ndi anthu ake ndi mawu ake. Tancred anapereka mbendera yake kwa Asilamu amene anathawira pa denga la mzikiti wa al-Aqsa, kusonyeza kuti ali m'manja mwake ndipo asakhudzidwe. Kutacha, ankhondo ena anakwera n'kuwapha onse, Tancred n'kungotsala ndi mkwiyo. Kumwera kwa mzinda, Raymond wa ku Toulouse anagwirizana ndi Iftikhar kuti apereke Nsanja ya Davide, ndipo Iftikhar ndi asilikali ake anaperekezedwa amoyo mpaka ku Ascalon. Lonjezo lina linasungidwa, lina linaswedwa, mumzinda womwewo.

Ponena za amene anaphedwa, Ibn al-Athir, yemwe analemba patadutsa zaka zoposa 100, anatchula 70,000, koma akatswiri a mbiri masiku ano amati mumzindamo munalibe n'komwe anthu ochuluka choncho. Wolemba wina wachisilamu wa m'nthawi yomweyo anatchula 3,000. Ayuda ambiri anaphedwa, ena anagwidwa n'kuwomboledwa ndi anzawo a ku Egypt, monga makalata amene anapezeka ku Cairo akusonyezera. Ngakhale titatenga nambala yaing'onoyo, kupha kunalipo, ndipo olemba achikhristu eni ake anakusimba mosabisa.

Saladin anafika mosiyana kwambiri. Pa 4 July 1187 anali ataphwanyiratu asilikali a ufumu wa Akhristu wa ku Jerusalem ku Hattin n'kugwira mfumu yawo, Guy wa ku Lusignan. Kumeneko chifundo chake chinali chosankha: Guy anam'patsa madzi ozizira, Reynald wa ku Châtillon, mmodzi wa akuluakulu a ufumuwo, anamukantha ndi lupanga lake lomwe, ndipo ankhondo a magulu a Templar ndi Hospitaller pafupifupi 200 anadulidwa mitu. Atazinga Jerusalem pa 20 September, mumzindamo munali modzaza othawa nkhondo, asilikali enieni ali owerengeka. Balian wa ku Ibelin, amene anabwera kudzangotenga mkazi wake ndi ana, ndiye anakakamizidwa kutsogolera.

Apa m'pamene ambiri amadumpha. Khoma litabooledwa, Balian anatuluka kukapempha mtendere, Saladin n'kukana. Ankafuna kulanda mzindawo ndi lupanga, kubwezera za mu 1099. Balian anayankha ndi chiopsezo: akapanda kuwalola kutuluka, apha akaidi achisilamu zikwizikwi amene anali nawo, agwetsa malo opatulika a Asilamu a Dome of the Rock ndi al-Aqsa, kenako atuluka kudzafera pankhondo. Saladin anakambirana ndi nduna zake, ndipo m'pamene anavomera dipo. Mwamuna azilipira madinari 10, mkazi 5, mwana ocheperapo, zonse m'masiku 40. Balian anapereka madinari 30,000 kuwombola osauka 7,000.

Pazipata panakhala alembi olandira ndalama, ndipo ziphuphu sizinalephere, ena anatsitsidwa pakhoma ndi zingwe. Mng'ono wake wa Saladin, al-Adil, anapempha akapolo 1,000 n'kuwamasula. Saladin nayenso anamasula okalamba. Koma mkulu wa mpingo, Heraclius, anatuluka ndi ngolo zodzaza chuma cha m'matchalitchi, akusiya nkhosa zake zosauka kumbuyo. Masiku atakwana, anthu pafupifupi 15,000, ambiri a iwo akazi ndi ana, analowa ukapolo.

Pa malo opatulika, mbali zonse ziwiri zinachita zofanana poyamba: aliyense anayeretsa monga mwa chipembedzo chake. Akhristu anasandutsa Dome of the Rock kukhala tchalitchi n'kuikapo mtanda, al-Aqsa n'kukhala nyumba ya mfumu, pambuyo pake likulu la a Templar. Saladin anatsitsa mtandawo, anatsuka malowo ndi madzi a maluwa a rozi, n'kubweretsa kuchokera ku Aleppo guwa lolalikirapo limene Nur al-Din, amene ankalamulira Syria iye asanatenge ulamuliro, anakonzeratu. Kusiyana kunaoneka pa tchalitchi cha Manda Oyera. Ena anamuuza kuti achigwetse, iye anakana, anangochitseka masiku ochepa n'kuchitsegulanso. Akhristu a kum'mawa analoledwa kukhala bola azikhoma msonkho, ndipo Ayuda, amene ufumu wa Akhristu unkawaletsa kukhala mumzindamo, anayamba kubwerera.

Kodi kumeneku kunali kusiyana kwa zipembedzo? Ine ndikukayika. Mwambo wa nkhondo wa nthawiyo, kwa Akhristu ndi Asilamu omwe, unkati mzinda wolandidwa mwamphamvu ndi wa olandawo, koma wodzipereka umatetezedwa ndi pangano. Mu 1099 panalibe pangano la mzinda wonse, panalibenso munthu mmodzi woti akaletsa onse n'kumumvera. Mu 1187 zonse ziwiri zinalipo. Komanso Saladin ankafuna ndalama zolipira asilikali, ndipo sakanalola kuti mbiri imukumbuke kuti anaombola Jerusalem mizikiti yake ili phulusa.

Ngakhale zili choncho, ulemu wake sitingamulande. Anali ndi mphamvu zoswa pangano zipata zitatseguka, koma sanatero, ndipo anaika alonda m'misewu kuti anthu asachitidwe chipongwe. Zinam'dyeranso: ambiri amene anawalola kutuluka m'mizinda imene analanda anakasonkhana ku Tyre, ndipo kuchokera kumeneko nkhondo inayambiranso. Mu August 1191 Richard, mfumu ya England, anapha akaidi achisilamu oposa 2,000 ku Acre, zokambirana za dipo zitachedwa. Pa masiku awiri aja, la mu 1187 ndilo linaposa pa umunthu, koma kwa amene anali ndi madinari kapena wowalipirira.