MAINA AMENE MAIKO AMPHAMVU APATSA ANZAO

Omvera nkhani za kunja pa wailesi amamva maiko ena akuchedwa "maiko olephera," ena "maiko aupandu." Maina otere sacokera ku bwalo la milandu. Amaperekedwa ndi maboma amphamvu ndi akatswiri a ndale, ndipo dziko lopatsidwa dzinalo limamanidwa malonda ndi ngongole, mwinanso kuthiridwa nkhondo.

Dzina lakuti "dziko lolephera" linamveka kwambiri m'caka ca 1992, pamene Gerald Helman ndi Steven Ratner a ku America analemba za maiko otere m'magazini ya Foreign Policy. Likutanthauza dziko limene boma lake silithanso kusonkhetsa msonkho, kulipira apolisi kapena kuweruza milandu. Somalia ndiye anali citsanzo cacikulu. Siad Barre, amene analamulira kuyambira mu 1969, anathawa mu Mogadishu mu 1991, ndipo magulu ankhondo a mafuko anagawana dzikolo. Njala yoopsa inatsatira.

Komabe dzinalo linabisa zina. Kumpoto, m'cigawo ca Somaliland, akulu-akulu a mafuko anakumana ku Borama mu 1993 nakhazikitsa mtendere. Mu 2003 anthu kumeneko anadzisankhira mtsogoleri mwa voti, pamene a kunja anali kuwawerengerabe pamodzi ndi olephera.

Maina a olamulira ankhanza ndiwo amasintha msanga. Mu 1982, pamene Saddam Hussein wa ku Iraq anali kumenyana ndi Iran, America anacotsa Iraq pa mndandanda wa maiko othandiza zigawenga. Mu 1990 Saddam atalanda Kuwait, anabwezedwapo. Mu 2002 Pulezidenti George W. Bush anaika Iraq, Iran ndi North Korea m'gulu limodzi la maiko oipa, ndipo mu 2003 nkhondo inagwa pa Iraq. Nkhanza za Saddam zinalipo zaka zonsezi. Cinasintha ndi ubwenzi.

Pafupi ndi ife, Mobutu wa ku Zaire analamulira mwankhanza kuyambira mu 1965, akulandira cithandizo ca maiko a Azungu cifukwa anali kutsutsana ndi Soviet Union. Khoswe wa pamkhate sapheka. Mkangano wa maiko akulu utatha, abwenzi ake anamtaya, ndipo anathawa mu 1997.

Mabvuto a anthu a m'maiko amenewa ndi oona, ndipo nkhanza ziyenera kudzudzulidwa. Koma inu awerengi, mukamva dzina lotere, dzifunseni kuti walipereka ndani, ndipo dzulo anali kudya ndi yani.