Mathirakita akufa m'midzi mwathu: tiwajambule asanapite pa sikelo

MWEZI wa Okutobala caka catha ndinapalasa njinga kupita ku mudzi wina kuseri kwa Katete kukajambula thirakita imene ndinali nditaiona kawiri pansi pa mtengo wa mango. Ndinafika mocedwa. Pamalo pamene inagona zaka zambiri ndinapeza dothi lakuda ndi oilo, maenje anai a matayala ndi mabauti awiri. Ogula zitsulo zakutha anali atabwera ndi lole yao sabata imodzi m'mbuyomo, naidula zidutswa-zidutswa ndi moto wa gasi, naipima pa sikelo. Agogo a pakhomopo anandiuza kuti ndalamazo anagulira fataleza. Sindingawadzudzule. Citsulo sadyera nsima. Koma nditafunsa adzukulu ao kuti thirakita ija inabwera liti, inalimira ndani, ndipo inafa ndi ciani, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa.

Ici ndico cifukwa cake ndilemba nkhani iyi, abale anga alimi.

Anzanga ambiri amandiseka. Wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, anzanu ajambula maukwati nalandira ndalama, inu mujambula dzimbiri. Mudzagulitsa kwa yani?" Sindigulitsa kwa aliyense. Nchito yoyendera masiteshoni a parishi imandipititsa m'tinjira momwe motoka sizipita, ndipo m'menemo ndimo ndinayamba kuona zitsulo izi: kuseri kwa mashedi akale a makopaletivu, m'mafamu osiyidwa, kumbuyo kwa zigayo ndi kwa amakanika a ku Petauke, Sinda, Chadiza ndi Lundazi. Poyamba ndinali kubwereka kamera ya filimu. Masiku ano ndigwiritsa nchito foni imene mwana wanga anandisiyira, ndipo ikwanira bwino lomwe.

Thirakita ya atate anga

Ndili mwana, kopaletivu imene atate anali membala wake inali ndi Massey Ferguson 135 yofiira. Ikamveka ku dambo ife ana tinali kusiya mbuzi m'minda ya eni ndi kuithamangira. Dalaivala wake anali munthu wamkulu koposa aphunzitsi a pasukulu. Munda umene banja lonse linali kulima masabata awiri ndi makasu, iye anali kuutembenuza dzuwa lisanafike pamutu.

Tsiku lina inazima pakati pa munda ndipo sinalirenso. Makanika anati pampu ya dizilo yaonongeka cifukwa mafuta a mu dilamu anali ndi madzi. Pampu ina inafunika kuitanitsidwa kunja. Anadikira dzinja limodzi, kenaka laciwiri. M'caka cacitatu batire inasowa. Matayala akutsogolo anapita ku ngolo ya munthu wina. Mpando unakhala pakhonde la wina. Aliyense anali kunena kuti zokonza ndi za apampando, apampando nati ndi za mamembala. Cimene sicinabedwe ndi nkhongole yokha. Atate anamwalira akali kuichula thirakita ija monga achulira m'bale amene anapita ku migodi osabwerera. Cithunzi cake ndilibe.

Zitsulo izi zinacokera kuti?

Acinyamata ayenera kudziwa kuti zitsulo izi sizinagwe kumwamba. Titalandira ufulu mu 1964, Pulezidenti Kenneth Kaunda, pa msonkhano wa ku Chifubu mu Ndola mu Januwale 1965, anapempha anthu kuti apange makopaletivu. Ambiri anayambika, boma linabweretsa mathirakita, ndipo nkhongole zinaperekedwa kupyolera mu Credit Organisation of Zambia. Zambiri mwa nkhongolezo sizinabwezedwe, bungwelo linagwa, ndipo mu 1970 m'malo mwake munalowa Agricultural Finance Company. Mu 1973 mtengo wa mafuta unakwera padziko lonse. Mu 1975 mtengo wa mkuwa wathu unatsika. Ndalama zakunja zogulira masipeya zinasowa, ndipo makina amene anali kufuna kacitsulo kamodzi kokha anaima mpaka lero. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, alangizi anali kutiphunzitsa za Lima, kamunda ka mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ndi kutilimbikitsa kulima ndi ng'ombe.

Thirakita imene ndimaipeza kawiri-kawiri ndi Massey Ferguson 135. Inapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975, ndipo zambiri za kuno zinacokera ku fakitale ya Banner Lane mu mzinda wa Coventry ku England. Injini yake ndi Perkins ya dizilo ya masilinda atatu. Fakitale ija inaleka kupanga mathirakita mu 2002. Kholo lake ndi kathirakita kotuwa ka Ferguson TE20, kamene kanapangidwa kuyambira 1946 mpaka 1956, oposa 500,000. Ndinakaonapo kamodzi pa famu yakale ya fodya pafupi ndi Chipata, ka m'nthawi imene tauniyi inali kuchedwa Fort Jameson. Zitsulo zitatu za kumbuyo zokolekapo pulawo, zimene mumaona pa thirakita iliyonse lero, ndi nzeru za Harry Ferguson, mwini dzinalo. Ndimapezanso Ford 5000 yabuluu ndi Fordson Major.

Malole nao ali ndi mbiri yao. Azungu a ku Rhodesia atadzilengeza okha ufulu mu Novembala 1965, njira yathu ya kumwera inabvuta, ndipo mafuta anayamba kubwera m'madilamu pa mseu wocokera ku Dar es Salaam, mseu woipa kotero kuti madalaivala anaupatsa dzina lakuti Hell Run. Kampani ya Zambia Tanzania Road Services inayendetsa malole a Fiat pa mseu umenewo, ndipo paipi ya TAZAMA inatha kumangidwa mu 1968. Kuno kwathu kum'mawa tikumbukira kwambiri ma Bedford, ma Leyland ndi ma Tata amene anali kututa matumba a cimanga a makilo 90 kupita ku madepoti a NAMBoard ndi a Eastern Cooperative Union. NAMBoard inayamba mu 1969 nithetsedwa mu 1989. Mwana wobadwa pambuyo pake adziwa thumba la makilo 50 cabe. Mukamuonetsa cithunzi ca Bedford yomera citsamba m'kati, ndi pamene amayamba kufunsa mafunso.

Kajambulidwe kake

Ena andifunsa kuti ayambe bwanji. Nazi zimene ndaphunzira, zina mwa izo mowawa.

Coyamba, pemphani. Citsulo ciliconse cili ndi mwini wake, cingakhale cagona m'thengo zaka 40. Pitani kwa anyakwawa kapena kwa eni khomo, nenani dzina lanu ndi kumene mucokera, ndipo fotokozani kuti simugula ndiponso simunatumidwe ndi okongoza. Anthu ena akali ndi mantha a nkhongole za makolo ao. Pa malo a apolisi, a asilikali ndi mayadi a boma musatulutse foni popanda cilolezo. Safunsa anadya phula.

Caciwiri, samalani moyo wanu. M'kati mwa makina akale mumakhala njoka, mavu, njuci ndi zinkhanira. Ine mavu anandiluma katatu pakhosi nditatsegula citseko ca lole ku Chadiza. Yendani ndi ndodo, gogodani citsulo musanayandikire, valani nsapato zotseka. Musalowe pansi pa motoka yokhazikidwa pa njerwa kapena pa zitsa. Citsulo cadzimbiri cikakucekani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyera, ndipo pitani ku kiliniki tsiku lomwelo cifukwa ca kafumbata.

Cacitatu, sankhani nthawi. Dzuwa la masana limacititsa cithunzi kuyera mbuu, pansi pa makina nipada bii. Jambulani m'mamawa kapena cakumadzulo, dzuwa lili kumbuyo kwanu. Pukutani diso la foni ndi kansalu. Musaikokere pafupi ndi zala; yendani ndi miyendo yanu. Gwadani kuti foni ilingane ndi nyale za thirakita, pamenepo idzaoneka yaikulu monga tinali kuionera tili ana. Miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala udzu utapsa, zitsulo zimaoneka zonse. M'dzinja udzu wobiriwira umakongoletsa dzimbiri, koma umabisa njoka.

Cacinai, musajambule cithunzi cimodzi cokha. Tengani kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo. Kenaka funani kacitsulo kolembedwa nambala ya makinawo. Pa mathirakita ambiri kamakhala pafupi ndi ciwongolero, ndipo injini ili ndi nambala yake payokha. Nambala imeneyi ndiyo citupa cake. Wodziwa angakuuzeni caka cimene anapangidwa. Jambulaninso malemba ofufutika a pa citseko, pakuti nthawi zambiri ndi pamene pali dzina la kopaletivu kapena la kampani.

Cacisanu, ndipo ici ndico cacikulu, khalani pansi ndi akulu a pamudzi. Musafulumire, kuona maso a nkhono nkudekha. Afunseni: inabwera caka citi? Anaigula ndani? Anali kuiyendetsa ndani? Inafa bwanji? Lembani m'kabuku. Ngati alola, ajambuleni ataima pambali pake. Pambuyo pake tsukitsani zithunzi ziwiri kapena zitatu ku studiyo, lembani tsiku ndi malo kumbuyo kwake, ndipo cimodzi mukawapatse. Foni imagwera m'madzi, imabedwa, koma pepala limakhala m'sutukesi.

Zimene dzimbiri landiphunzitsa

M'kabuku kanga muli nkhani zambiri, koma matenda amene anapha makinawa ndi ocepa ndipo amabwerezabwereza. Madzi ndi fumbi mu dizilo. Sefa ya mpweya yosatsukidwa mwezi wa Okutobala pamene fumbi lili tolo. Oilo yosasinthidwa cifukwa ndalama zinapita ku maliro kapena ku msonkhano. Mvula yolowa pa paipi ya utsi yoyang'ana kumwamba, injini nigwirana ndi dzimbiri, pamene kacitini ka nsomba kobvundikira pamwamba kakanaipulumutsa. Sindinapezebe thirakita imene akulu anati inafa ndi ukalamba. Pafupi-fupi zonse zinaima cifukwa ca kanthu kakang'ono, ndipo zinatha cifukwa panalibe munthu mmodzi amene akanati, "Iyi ndi nchito yanga."

Ndaonanso cinthu cina cimene cimandisangalatsa. Anthu athu sataya citsulo. Ekiselo ya motoka yakufa ndiyo inyamula ngolo ya ng'ombe. Masipuling'i a lole amisiri osula amawasandutsa nkhwangwa ndi mipeni. Mbale ya pulawo ya thirakita amai amakazingirapo nyama pa msika. Belu limene limaitana ana ku sukulu, ngakhale limene limatiitana ku mapemphero pa masiteshoni ambiri, ndi limu ya lole yopacikidwa pa mtengo. Izinso ndimazijambula, pakuti ndi mbali ya nkhani yomweyo.

Pali mau awiri amene ndifuna kusiyira alimi anzanga.

Kwa inu amene muli ndi citsulo pakhomo ndipo ogula afika ndi sikelo: musanabvomere, itanani makanika wodziwa mathirakita acione. Masipeya a Massey Ferguson 135 akali kupezeka, ndipo zina mwa thirakita zimenezi zikali kulima. Giyabokosi kapena ekiselo yabwino ingagulidwe payokha pa mtengo woposa wa pa kilo. Ngati palibe copulumutsa, gulitsani ndi mtima woyera. Zitsulozo zimakasungunulidwa nizibwerera monga zitsulo zomangira nyumba. Koma lole isananyamuke, uzani mwana wanu ajambule, ndipo inu mumuuze nkhani yake.

Kwa inu a m'makopaletivu amene muganiza zotenga thirakita yatsopano pa nkhongole: sinditsutsa. Khasu latikalambitsa msanga. Koma musanasaine, pitani nonse kukaima pa thirakita yakufa imene ili pafupi ndi mudzi wanu, ndipo muyankhe mafunso awa. Adzaiyendetsa ndani, ndipo anaphunzira kuti? Ndalama ya oilo, masefa ndi matayala idzasungidwa kuti, ndipo adzaigwira ndani? Masipeya ake agulitsidwa ku Chipata kapena mpaka ku Lusaka? Mvula ikagwa, onse nafuna kulimiridwa sabata imodzi, adzayamba ndani? Caka ca cilala, monga 1992 kapena 2024, nkhongole mudzabweza ndi ciani? Makolo athu sanali opusa. Anali ndi mtima wofuna kutukuka monga ife. Mafunso awa ndiwo sanafunsidwe pa nthawi yake.

Akulu amene adziwa nkhani izi akutha, ndipo zitsulo nazo zikutha. Ku Sinda kuli Bedford imene ndinaiona m'dzinja kuseri kwa cigayo, mtengo wa mpapaya utamera pamene panali injini. Mwini wake ndi mkulu wa zaka zoposa 80 amene anaiyendetsa yekha kututa cimanga ndi thonje. Anandilonjeza kuti adzavala jekete lake la pa Sondo. Ulendo uno sindidzadikira kuti ndiione kawiri. Ndipita Ciweru cikubweraci, tambala woyamba.